Wagwira Chingwe

Ku Makanjira kuli lamulo limene silinalembedwe paliponse: wogwira chingwe cha khoka sabwerera chimanjamanja. Kaya ndi nkhalamba yongotsamira chingwecho, kaya kamwana kongopingasa miyendo ya okoka, khoka likafika pamchenga aliyense amapatsidwa ndiwo. Zubair anakulira m'lamulo limeneli, pakuti bambo ake, Che Atumani, anali ndi khoka lawolawo. Atalowa usilikali anamuphunzitsa zambiri, koma zakwawozi palibe amene anamuchotsa.

Anamutumiza kum'mawa kwa dziko la Kongo pamodzi ndi asilikali osungitsa mtendere, kumene mtendere wake unali wongoumva dzina. Kampu yawo inali paphiri, chitsime chili kunja kwa waya, m'mphepete mwa msewu. Chinali chakuya zedi, ndipo ndowa yake inali yolemera. M'mawa uliwonse Zubair ankatuluka kukatunga madzi, mnzake atamuimira ndi mfuti, ana a m'mudzi ataunjikana chapatali n'kumaonerera.

Tsiku lina akukoka ndowa anamva chingwe chikugwedera kumbuyo. Atacheuka anaona kamtsikana kamano ogweluka, kali ndi khanda kumsana, katagwira nsonga ya chingwe n'kumakoka ndi mtima wonse. Kunena zoona sikankathandiza kanthu. Koma ndowa itatuluka, dzanja la Zubair linalowa lokha m'thumba n'kutulutsa paketi ya mabisiketi a kukampu.

Chiswahili ankachidziwa pang'ono, chotola kumadrasa ndi kwa amalonda a kunyanja, choncho anakafunsa dzina. Kanati ndi Nadia. Iye anakaphunzitsa mawu awiri a Chichewa oti kazinena ndowa ikatuluka, monga amanenera ana kwawo: “Ndagwira chingwe.” Sabata isanathe chingwe chija chinali ndi timanja tambirimbiri, koma wa kunsonga anali Nadia nthawi zonse. Zubair ankawaimbira nyimbo yokokera khoka, iwo n'kumavomera molakwitsa, ndipo kwa kanthawi kochepako nkhondo ankaiiwala.

Sajeni Duncan sizinawasangalatse. Anali munthu wakumtunda, nsomba ankaidziwira m'mbale basi.

“Zubair, kuno si kugombe kwanu,” anatero. “Leka kupatsa ana zinthu za m'kampu.”

“Bwana, agwira chingwe. Kwathu munthu wotero sitimubweza.”

“Kwanu kulibe zigawenga.”

Zubair anavomera pakamwa pokha. Mumtima anati anthu akumtunda ndi ouma manja, ndipo anapitiriza.

Ndiye kunabwera mayi wina kuwaya, masana dzuwa likuswa mtengo. Anali mayi wake wa Nadia. Sanapereke moni. Anatambasula chikhato, muli pepala la mabisiketi lopindidwa. Analankhula pang'onopang'ono kuti Zubair amve liwu lililonse. Amuna a m'tchire anabwera m'mudzi dzulo lake, akufufuza nyumba ndi nyumba. Kwa aneba anapeza mapepala otere atatu, ndipo anati mwana wa pamenepo ndi kazitape wa asilikali, amalipidwa chakudya. Nyumbayo anaitentha, mwanayo anapita naye. Pepala la Nadia linapulumuka chifukwa mayiyo analipondera kuphazi.

“Ndamuletsa, koma samva,” anatero mayiyo. “Akuti ndiwe m'bale wake. Ukam'patsanso kanthu, wamupha ndiwe.”

Zubair anagwira waya. Anamva chisoni, anamvanso manyazi, pakuti mwana wotengedwayo ankamudziwa. Anali uja woimba mokweza kuposa anzake.

M'mawa mwake ana ena onse sanabwere. Nadia yekha anabwera, khanda lake kumsana. Tsidya la msewu, pansi pa mtengo wa mango, panali amuna awiri atakhalira njinga yamoto, osagula kanthu, osadikira munthu, maso ali pachitsime. Zubair anaponya ndowa, nayamba kukoka osayang'ana kumbuyo, akupemphera kuti chingwe chisagwedere. Chinagwedera.

Ndowa itatuluka Nadia anatambasula dzanja, akumwetulira ndi mano ake ogweluka.

“Ndagwira chingwe, achimwene.”

Kungomumana sikukanakwanira. Amuna aja anayenera kuona ndi maso awo kuti mwanayu si kanthu kwa msilikali. Zubair anawerama, natola mwala, nauponya pafupi ndi mapazi a Nadia, fumbi n'kumuwaza m'miyendo.

“Toka! Choka apa, kakuba iwe!” anakuwa mpaka mawu anamveka kumsewu.

Amuna aja anaseka, mmodzi anawomba m'manja. Nadia sanalire, ndipo bwenzi zili bwino akanalira. Anangoyang'ana mwalawo, kenako Zubair, n'kubweza dzanja lake pang'onopang'ono. Anakonza nsalu ya khanda, nawoloka msewu osathamanga.

Sanabwerenso. Zubair anadzamuona kamodzi kokha miyezi itapita, ali pagalimoto la asilikali. Nadia anali moyo, atasenza nkhuni, atatalikako pang'ono. Mwanayo atamuzindikira anatembenuka n'kuyang'ana kutchire mpaka galimoto linadutsa.

Atabwerera kwawo patchuthi, anthu a ku Makanjira anati mwana wa Che Atumani wayamba kunyada, poti kugombe sankapondako. Bambo akewo anapirira masiku angapo, kenako anamudzutsa m'mamawa.

“Tiye. Msilikali ndiwe uko, kuno ndiwe mwana wanga.”

Khoka linabwera ndi kambuzi wochuluka. Che Atumani anamupatsa beseni kuti agawire okoka, ulemu umene amapatsa mwana wamkulu. Akuluakulu anawagawira bwinobwino. Kenako panafika kamtsikana ka aneba, Shamima, mchenga uli mbuu m'maondo, katatambasula timanja.

Zubair anatapa nsomba, koma maso ake anathamangira kumsewu, kumitengo, kwa anyamata a kabaza amene ankangocheza zawo. Dzanja linafumbata osatseguka, madzi a nsomba akutsikira m'chigongono. Kamwanako kanadikira, kenako kanayang'ana mwini khoka.

“Zubair, m'patse mwanayo,” anatero Che Atumani motsitsa mawu, anthu asamve. “Wagwira chingwe.”

“Ndikudziwa, ababa,” anayankha Zubair, misozi ikugwera m'beseni. “Mtsikana uja wa ku Kongo nayenso anagwira.”