Malaya Onunkhira a Bambo Jafeti

Akulu a mpingo atasankha bambo Jafeti kuti akawerenge Mawu koyamba, mkazi wawo Edina sanaope kuti akaphonya. Iye ankaopa fungo la matemba. Zaka makumi awiri za usodzi pa Chilwa zinali zitalowerera m'malaya awo oyera.

Edina anakagula sopo waufa ku Songani, ndi kabotolo ka mankhwala oyeretsera zovala. Zonse anakhuthulira m'beseni limodzi n'kunyikamo malayawo. Maso anayamba kulasa, chifuwa n'kubanika, koma anapirira. Pofika potsukuluza anaima kaye. Fungo lokoma chonchi, lochita kugula, alitaye? Anangofinya n'kuyanika.

"Lero ndiye ndikununkhira ngati mkwati," anatero a Jafeti Lamulungu m'mawa.

M'tchalitchi cha malata munatentha. Atangotha ndime yoyamba thukuta linatsika, sopo uja n'kudzuka. Edina anaona phewa la amuna ake likugwedezeka, kenaka linzake. Poti manja onse anali pa Buku, a Jafeti anabwerera chafutambuyo n'kuyamba kukhula msana pamzati.

"Aleluya! Mzimu watsika!" anafuula mayi wina kumbuyo.

"Mzimu wake uti? Nsikidzi izo," ananong'ona mnzake.

Edina anazolika. Ambuye, ingowafikitsani kumapeto.

Pamenepo mayi Virginia, amasiye oyandikana nawo nyumba, anayambitsa nyimbo yovina, mpingo wonse n'kuimirira. Pakati pa anthu ogwedezekawo a Jafeti anakanda mpaka kukhutira. Nyimbo itatha anamaliza ndime zotsala ngati munthu wothawa mvula.

Chakumadzulo mayi Virginia anafika ndi ndowa ya madzi a phulusa la zitsononkho, osefa bwino, ndi mandimu atatu.

"Muonjezere madzi, achemwali, muziviika zovala m'menemu. Ndimu ndi wa potsukuluza, ndipo muzitsukuluza mpaka madzi ayere. Manja anuwo ndawaona."

Za kutchalitchi sanazitchule. Edina anayang'ana zala zake zong'ambika, nathokoza chamumtima.

A Jafeti anali pakhonde osavala malaya, msana uli zidzolo zokhazokha.

"Cholakwa n'changa, bambo a Mphatso," anatero Edina. "Sindinatsukuluze."

"Ndinadziwa pamene thovu linayamba kutuluka m'khwapa."

"Ndiye akuluakulu aja akuchotsani?"

"Ayi, ati ndiwerengenso sabata yamawa. Koma ati zovinazo ndisiyire a kwaya."