Manyowa a M'khola la Horácio

M'chaka cha 1990, nkhondo ikadali m'kati, Horácio wa ku Domwe analandira matumba awiri a mbewu ya kachewere kuchokera kwa mlamu wake. Anasangalala, koma vuto linali malo. Munda wake unali utaguga, ndipo adubu, feteleza wa m'sitolo uja, anali atasowa kalekale.

"Mawa ndidula nkhalango ya kumtunda kwa kasupe ndi kuitentha," anauza mkazi wake Marcelina. "Kachewere amakonda mphanje."

"Bambo a Olinda, utsiwo sudzaitana anthu a mfuti?" anafunsa Marcelina mwamantha.

Horácio anangotenga nkhwangwa yake. Anayamba kuinola.

Phokoso lake linafikira mnansi wawo, a Bonifácio, amene anali mlangizi wa zaulimi nkhondo isanabalalitse ntchito. Atabwera n'kumva nkhaniyo, anakhala pa chitsa.

"Kukulitsa ulimi n'kwabwino, achimwene," anatero. "Koma utsi suthera pomwe maso alekezera. Mpweya wa mitengo yotenthedwa, wa magalimoto ndi wa mafakitale umaunjikana kumwamba ngati bulangeti. Dziko limatentha, mvula n'kusokonekera."

Horácio anaseka. "Ine, ndi kamunda kangaka, n'kutenthetsa dziko lonse?"

"Mpweya wambiri ukuchokera ku mayiko olemera, n'zoona. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndiponso mitengo ija ikapita, kasupe wanu aphwa."

"Nanga mbewuyi ndidye?"

A Bonifácio analoza khola lopanda kanthu. Horácio sankafuna n'kuliyang'ana komwe chilandidwire ng'ombe zake ndi anthu a mfuti.

"Anatenga ng'ombe, koma ndowe anasiya," anatero a Bonifácio. "Chuma chanu chagona umo."

Marcelina ndiye anayamba kulowa m'kholamo ndi khasu. Pansi pa udzu panali manyowa akuda bii, ofewa ngati ufa. Banja lonse linatuta ndi madengu kukathira m'munda woguga uja mpaka misana kuwawa, n'kubzalamo kachewereyo. Mapesi a chimanga sanawatenthe ayi, anawakwirira m'mizere.

Nthawi yokumba itakwana, Horácio anazula phando loyamba n'kukuwa, "Mayi a Olinda, thamangani!" Kachewere wake anali ngati zibakera. Marcelina analuluta mpaka anansi anatuluka, ndipo Horácio, ngakhale anali munthu wamanyazi, anavina ngoma pakati pa mizere, fumbi koboo! Anyamata a njinga ochokera kumalire ku Kalomwe anachita kulimbirana matumba pogula. Banjalo linagula mbuzi ziwiri kuti manyowa asadzathe.

Chaka chotsatira, mabanja ena a m'mudzimo anafukula makola awo akale, ndipo Horácio ndiye ankawaonetsa kakwiriridwe ka mapesi.

Abale, chitukuko n'chofunika, koma si chonse chimene chimafuna moto. Tisanadule nkhalango, tiyambe tadyetsa nthaka imene tili nayo kale. Tikatero tidzakolola zambiri, ndipo mpweya umene ana athu adzapume udzakhala wabwino.