Mawu a Meckson M'minibasi

"Khadi la m'foni usalipereke kwa oika nyimbo," Hilda anachenjeza mnansi wake Nelia. "Cholowa m'kompyuta mwawo sichitulukamo."

Nelia anangogwedeza mutu. Nanga akanatani? Kwa miyezi itatu ankajambula mawu a mwamuna wake Meckson pa kafoni ka mabatani, atakabisa pansi pa matewera. Zonse zinali mmenemo: kutukwana, kusweka kwa mbale, ndi mawu aja akuti tsiku lina anthu adzamuvuula mu mtsinje wa Lunyangwa. Amalume ake a ku Chibavi, omwe anali ankhoswe, sankakhulupirira.

"Meckson woimba kwaya yemweyu? Ubwere ndi umboni Lamlungu," anatero amalumewo.

Koma sipika ya foniyo inali yakufa, ndipo wailesi ya amalumewo, ngakhale inkalandira khadi, inangoti zii. Lachiwiri Nelia anabereka mwana n'kupita ku Luwinga, kukontena ya Amos woika nyimbo.

"Awa ndi ma AMR, mama, wailesi imafuna MP3," anatero Amos, maso ali pa ophunzira omwe ankadikira. "Ndisintha pompano. Nkhani yaying'ono chomene."

Sanamvetsere n'komwe zomwe zinali mkatimo. Nelia anayang'anitsitsa kamzere kobiriwira kakukwawa pa kompyuta, uku akucheukira kumsewu kawirikawiri.

"M'kompyuta mwanumo mwafufuta?" anafunsa Nelia.

"Eya, eya. Yewo, mama."

Lachisanu masana, pochokera kusikelo, anakwera minibasi. Nyimbo ya kwaya itatha, m'masipika munamveka kupuma kwa munthu, kenako mawu amene iye ankawadziwa kuposa ake omwe.

"Iwe Nelia, ukuganiza kuti angakumvere ndani?"

Mwana anadzidzimuka pamiyendo n'kumukakamira pakhosi.

"Sewero lake liti limeneli?" anafunsa mayi wina akuseka.

"Sewero chani!" anakuwa kondakitala. "Awa ndi a Meckson, oyendetsa ya ku Karonga! Adada, bwezerani timvenso!"

Dalaivala anabwezeradi. "Amos wandiikira dzulo pa fulashi. Ndinangoti andipatse zatsopano zonse."

Mbale itasweka m'masipikamo, kuseka kunachepa. Nelia anatsika asanafike pasiteji yake n'kulunjika kukontena kuja.

Amos anafufuza m'kompyuta, kenako anagwira pakamwa. Mafayilo atasinthidwa anagwera m'foda ya nyimbo zatsopano, imene amakopera aliyense.

"Mwapatsa angati?"

"Kuyambira Lachiwiri... mwina khumi ndi awiri. Ambiri ndi madalaivala. Pepani chomene, mama, ndikufufuta pompano."

"Mufufutanso m'makutu mwawo?"

Dzuwa lisanalowe, ali kuanula zovala za mwana, foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wochokera kwa Meckson, yemwe tsikulo ankagona ku Karonga: "Ndamva nyimbo yako. Ndifika mmawa. Undidikire."

Anaonetsa Hilda pampanda.

"Thamangira kwa amalume ako, ukawamvetse lero lomwe," anatero Hilda.

"Ku Chibavi Meckson akudziwako. Ndipo amalume akangonena kuti tikhale pansi tikambirane, kenako andibwezere m'nyumba momwemo." Nelia anatulutsa khadi lija n'kumufumbatitsa. "Ukawapatse ndiwe. Amvere okha, mpaka kumapeto."

"Nanga iwe?"

Nelia anayang'ana mwana wake, yemwe ankakwawira beseni la madzi, n'kumunyamula.

"Kwa achemwali ku Kasungu sanafikeko. Basi yoyamba imanyamuka kusanache. Undibwereke chikwama chako chachikulu chija."