Kavalo wa Mwendo Womata

Loweruka lililonse ine ndi mkulu wanga Glenda timalawirira kukasaka akavalo. Osati amoyo ayi, koma zidole zapulasitiki zija tinkaseweretsa tili ana, zimene masiku ano anthu amazifuna ngati golide. Glenda ali nazo zoposa mazana atatu. Mwamuna wake, Vern, anatopa nako kudandaula, amangomukhomera mashelefu.

Tsiku limenelo tinali titazungulira sitolo ziwiri za kaunjika ku Muncie osapeza kanthu. Kenako tinapita kumsika wa zinthu zakale, khofi ali m'manja.

"Iwe Arlene, uyambire uko, ine ndiyambira kuno," anatero Glenda. "Ndipo ukaona chabwino usakuwe. Umakwezetsa mitengo iwe."

Pansi pa tebulo la bambo wina wogulitsa masipanala panali katoni yodzaza ndi timagetsi ta Khirisimasi topiringizana. Pakati pake panatulukira kachiboda. Nditakoka, ndinapeza kavalo wotuwa wamawangamawanga, wonyezimira, wa mtundu wakale weniweni. Mwendo wake wakumbuyo unali womata ndi guluu. Nditamutembenuza, ndinaona zilembo ziwiri pamimba, zolembedwa ndi utoto wofiira wopaka m'zikhadabo: G.T.

Ndinakuwa msika wonse kumva.

Glenda anabwera akundilozaloza ndi chala, koma atangoona zilembozo anangoti kukamwa yasa. Tisanakwatiwe tinali a kwa Tuttle. Kavaloyu anasowa mu 1974, pamene mayi anapereka zidole zathu kutchalitchi posamuka kufamu.

"Ndi Pepper wanga uyu," anatero chapansipansi. "Taona mwendo uja anathyola galu wathu Rusty."

Sindikudziwa chimene chinandilowa. "Achemwali, sanali galu."

"Wati chiyani?"

"Ndine. Ndinamumangirira mpango wa mayi n'kumuponya kuchokera padenga la khola. Ndinkafuna kuona ngati angatsike pang'onopang'ono."

"Zaka makumi asanu uli chete! Galu wosalakwa uja anagona panja mlungu wathunthu!"

"Ndinkamupatsira nyama yanga pawindo."

"Mfiti iwe!"

Bambo wogulitsayo anali atagwira m'mimba ndi kuseka. Anatiuza kuti katoniyo anaigula pamodzi ndi katundu wa m'nyumba ya mphunzitsi wina wopuma ntchito.

"Amayi, kavaloyo ndi wanu, mutengeni," anatero akupukuta misozi. "Koma mugule timagetsi tonseti. Akazi anga anenetsa kuti ndisabwerere nato kunyumba."

Katoniyo ndinasenza ndine mpaka kugalimoto, Glenda ali patsogolo atakumbatira kavalo wake, akumuonetsa kwa aliyense, ngakhale kwa mayi wogulitsa maapulo.

Tisananyamuke Glenda anaimbira foni mlongo wathu Dale ku Dayton, n'kukweza mawu kuti nanenso ndizimva.

"Dale, sungakhulupirire. Ndamupeza Pepper. Ndipo ukudziwa amene anamuthyola mwendo?"

Dale anayamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Waulula eti? Basi nanenso ndinene. Makwerero ndinamugwirira ndine. Za mpango zija zinali nzeru zanganso."

Glenda anandiyang'ana, n'kuyang'ananso foni. Anayesetsa kukwinya nkhope, koma milomo inamukanika.

"Nonse awiri mudzandigulira nkhomaliro Lamlungu," anatero akuliza galimoto. "Ndipo ndikaitanitsa nyama yang'ombe yaikulu kuposa zonse."