Mpando wa Batata pa Ukwati wa Emmy

Bana Kalenga, apongozi ake a mng'ono wanga Emmy, ndinawada kuyambira tsiku lomwe tinapereka chakudya kwawo, iwo n'kumachinunkhiza asanalawe. Koma za pa ukwati zinaposa zonse.

Tchalitchi yawo ili m'tauni, m'nyumba yomwe kale inali bayisikopo. Mavidiyo atapha makanema, abusa anaigula n'kukhoma mtanda pamwamba pa kazenera ka matikiti. Zina zonse zili momwemo: mawindo mulibe, pansi m'potsetsereka, mipando yofiira ija imadzipinda yokha ukangonyamuka. M'mwamba muli khonde lamkati, lokwerera pa masitepe okhota okhala ndi chogwirira chamkuwa.

Ine ndinachedwa chifukwa cha keke. Polowa, kutsogolo konse kuli akuchimuna, olemera a ku Kabulonga, zipewa ngati mabeseni. Wathu ndi mmodzi yemwe ayi. Kukweza maso, ha! athu onse a ku Kabwata awaunjika m'mwamba, pamodzi ndi batata, bambo anga ondibala. Batata! Mwini mwana, munthu wa mwendo wodwala, yemwe ngakhale kuperekeza mkwatibwi anasiyira mchimwene wathu Matthew.

Ndinalunjika kwa bana Kalenga. Ine ndimagulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku City Market, pakamwa panga sipabwereka mawu.

"Bana Kalenga, batata muwabisilanji pamwamba? Banunkha?"

"Helen, chepetsa mawu, muno ni mu nyumba ya Mulungu. Ni beve beka bapempha kukwela."

"Boza! Na mwendo uja? Mvelani: batata bakapanda kunkala pa mpando woyamba, Emmy saseluka mu motoka."

Oimba anasiya nyimbo pakati. Abusa anabwera akusisita manja, ine sindinawayang'ane n'komwe. Bana Kalenga ananong'oneza mlongo wawo wa tayi yofiira, iye n'kunyamuka, mpando n'kudzipinda kuti pha! Mumtima ndinati, lero mwakumana nazo.

Ndinakwera masitepe aja chothamanga. Batata ndinawapeza pakatikati penipeni pa khonde, zigongono pa chotchinga, akumwetulira ngati mwana wopatsidwa chitumbuwa. Sindinawaonepo choncho chimwalirire amayi.

"Tiyeni pansi, batata."

"Nisiye, mwana wanga. Nili bwino pano."

"Muli bwino chani? Batinyoza, imwe museka?"

Kufatsa kwawoko kumandinyansa. Moyo wawo wonse akhala akuti ndili bwino, ngakhale pomwe kampani yomwe ankagwirako inagulitsidwa iwo n'kuchotsedwa ntchito chimanjamanja. Ndinawalanda ndodo, n'kuwagwira mkono. Anakakamira chogwirira chamkuwa chija, ndinachita kuwamasula chala chimodzichimodzi. Tinatsika pang'onopang'ono, tchalitchi yonse ikutiyang'ana, ine mutu uli m'mwamba kuti bana Kalenga aone bwino.

Ndinawakhazika pa mpando woyamba, ine pambali pawo. Nsanja ya bayisikopo ndi yaitali, moti pamenepo abusa umawaonera kunsi kwa chibwano, khosi litapindikira kumbuyo. Batata anayesa kuyang'ana, n'kugwira pakhosi.

"Khosi iyi naikumbuka," anatero motsitsa mawu. "Apa ndiye pamene benze kutiika bazungu. Ise kuno pansi, kuloba pa chitseko cha kumbali, beve pamwamba, kutiponyela makoko ya nshaba zokazinga. Nili mnyamata ninayesa kukwela, mlonda ananiponya pa masitepe yaja."

"Nanga ufulu utabwela?"

"Tikiti ya pamwamba na bana basanu? Lelo ninapempha neka, Helen. Bana Kalenga banavomela. Iwe ndiwe wanibweza."

Pomwepo malipenga analira, anthu onse n'kuimirira, mipando ikuti pha! pha! pha! Emmy anayamba kutsetsereka ndi Matthew, atavala zoyera, maso ake akufunafuna batata.

Aliyense anatembenukira kwa mkwatibwi. Batata nawo anatembenuka, koma maso awo anapitirira pamutu pa Emmy, kukafika pa khonde paja. Pa mpando wawo panali patakhala kale mlongo wa bana Kalenga, wa tayi yofiira uja, zigongono pa chotchinga.