Chisakasa Chinawoloka Msewu

Alfredo anali chogwada, akuviika chubu m'beseni kuti aone pomwe chabooka, pamene chingwe choyezera chinalowa m'chisakasa chake n'kutulukira mbali ina. Amene anachigwira anali mtsikana wa chipewa chachikasu, Michelle wa ku khonsolo.

"Pepani, bambo, takusokonezani," anatero Michelle. "Mbali ino ya msewu ikhala njira ya maminibasi okhaokha, kuchokera pamsika mpaka pamphambano. Loweruka kuli msonkhano, mukabwere mudzanene maganizo anu."

"Chabwino, mayi," anayankha Alfredo, maso ali m'beseni.

Kunena zoona, njirayo inali yofunika, ndipo iye sakanatsutsa. Msewu wa pamsika pa Chadiza unali chipwirikiti. Maminibasi a ku Chipata ndi a ku Mlolo ankakweza anthu pakatikati, ngolo za ng'ombe zikudikira kumbuyo, njinga zikuzemba paliponse. Mwezi wathawo minibasi inathyola mwendo mayi wogulitsa nthochi, ndipo amene anamunyamula anali Alfredo yemweyo. Koma chisakasa chimenecho n'chimene chinkadyetsa banja lake. Tsidya lina kunali masitolo a njerwa okhaokha, ndipo wokonza njinga akachoka pamsewu ndiye kuti wasiya ntchito.

Loweruka linafika, Alfredo sanapite. Selina, mkazi wake, anamupeza akulongedza masipanala m'thumba.

"Bambo a Ruth, anzanu ali kumsonkhano, inu mukumanga katundu?"

"Ndikanene chiyani? Kwa eni kulibe mkuwe."

"Eni ake ndani? Ana anu anabadwira kuti?"

Alfredo anapitiriza kulongedza. Anafika kuno ali wamng'ono, atakhala pamapewa a bambo ake, akuthawa nkhondo ya ku Mozambique. Bambo akewo anamuphunzitsa zinthu ziwiri, kumanga masipoko ndi kusapempha kanthu pamudzi wa anthu. Chitupa cha dziko lino anali nacho, imvi zinamumerera konkuno, koma mumtima anali adakali mlendo woyembekezera kuuzidwa kuti nthawi yakwana. Tsopano ankaganiza zowoloka malire, kupita kwa msuweni wake amene nkhope yake sankaikumbukira n'komwe. Zinkamuwawa kwambiri, ndipo chomuwawa koposa n'chakuti panalibe womulakwira.

Lolemba m'mawa anapita ndi chikwanje kuti akagwetse yekha chisakasacho, pokana manyazi oti achite kumugwetsera ena. Atafika anapeza njinga zitatsamira paliponse, eni ake atakhala pansi. Panali alimi a thonje a ku Zemba, anyamata onyamula makala a ku Zingalume, ngakhale makondakitala amene masiku onse ankamubwereka pampu osabweza msanga. Patsogolo panali a Yosiya, mkulu wa mpingo, munthu wa mawu ngati a ng'oma ndi njinga yokalamba kuposa ana ake onse.

"Chikwanjecho n'cha chiyani, Alfredo?" anafunsa a Yosiya.

"Ndati ndichotse udzuwu, bambo, anthu agwire ntchito yawo."

"Ndiye upite kuti?"

"Kwathu."

A Yosiya anayang'ana anthu aja, kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwamumva? Akuti kwawo! Iwe, bambo ako tinawaika ndi manja athuwa kuseri kwa tchalitchi uko. Ukufuna ukawafukule upite nawo? Nanga njinga yangayi, imene aliyense anaikana, ukuisiyira yani?"

Anthu anaseka, Alfredo anawerama.

"Watichititsa manyazi Loweruka," anapitiriza a Yosiya, tsopano mofatsa. "Tinadikira kuti uimirire, sunaoneke. Akazi ako ndiwo anaimirira. Mpingo wakupatsa malo tsidya ilo, pafupi ndi mpanda wa tchalitchi, moyang'anana ndi pamene maminibasi azidzatsitsira anthu."

Michelle anali pomwepo ndi mapu ake m'khwapa. Anati njira ya maminibasi sakanaikhotetsa, koma malo atsopanowo anali atawayeza kale, ndipo anawajambula pamapupo kuti wina asadzamuchotsepo mawa.

Alfredo anatembenuka kuyang'ana Selina, amene anaima kumbuyo kwa gululo ngati sakudziwapo kanthu. Kenaka anacheukira anthu aja kuti awathokoze. Anangowomba m'manja mwaulemu, atanjuta, monga ankachitira bambo ake.

"Zimenezo uchite pambuyo," anatero a Yosiya. "Mutu umodzi susenza denga. Anyamata, kumbani nsanamirazo!"

Palibe anasolola udzu ngakhale umodzi. Anafukula nsanamira, nalowa pansi pa denga monga amachitira posamutsa denga la nkhokwe, aliyense phewa pa mtanda. Wina anayambitsa nyimbo ya kumunda, ena n'kuvomera, chisakasa chonse n'kunyamuka ndi matayala akale amene anali pamwamba pake. Dalaivala wa minibasi ya ku Chipata, munthu wosadziwa kudikira, anaimika galimoto chopingasa kuti pasadutse kanthu. Amayi a pamsika analulutira.

"Nanga mwini wake waima bwanji ngati mlendo?" anafuula Selina. "Lowani, bambo a Ruth!"

Alfredo anaponya chikwanje pansi, nawerama, nalowa. M'katimo munali mdima, fungo la thukuta ndi fumbi la udzu wakale. Munthu wina anasendera kumupatsa malo, ndipo mtanda unamukhala paphewa, wolemera ndithu. Misozi inatsika, koma poti aliyense ankatsinzina chifukwa cha fumbi, palibe anamufunsa.

Selina anatsalira m'mbali mwa msewu, akuyesa kuona pamene panali mwamuna wake. Denga linali litaphimba mitu yonse. Zomwe zinkaoneka ndi miyendo yokha, ina ya nsapato, ina ya mapatapata, ina yosavala, yonse yofiira ndi dothi limodzi, ikuwoloka msewu pang'onopang'ono. Anayang'anitsitsa, koma sanathe kusiyanitsa kuti ya Alfredo ndi iti.