Amayi Amene Kompyuta Inawameza

Tomasi sankaopa kompyuta iliyonse pansi pano. Ntchitoyi anaiphunzira yekha kwa anyamata a ku Dzaleka, n'kukaikhwimitsa ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam, ndipo ukamufunsa ankakuuza kuti makina akamva nsapato zake amasiya okha matukutuku.

Chaka chimenecho ankagwira ku kabungwe kogawa mbewu ya mtedza pafupi ndi Madisi. Mayina a alimi ankasungidwa m'nkhokwe ya pa kompyuta, ndipo pulogalamu yotulutsa malipoti inkatengamo mayinawo poifunsa mafunso. Akatswiri a ku Lilongwe anakwirira mafunsowo m'kati mwenimweni mwa pulogalamu. Tomasi anawafukula, n'kuika funso lililonse m'kafayilo kakekake ka mawu wamba, koti pulogalamu izingokawerenga. Aliyense akanatha kutsegula n'kuona chimene makina akufunsa.

Tsiku logawa mbewu, lole itaima kale panja, mu ofesi munalowa mayi Lidia, wapampando wa kalabu ya kumapiri a Ntchisi, miyendo ili mbuu.

"Achimwene, pa mndandanda mwamata panjapo ine palibe. Anzanga makumi anayi palibenso. Tinamwalira liti?"

Tomasi anatsegula kafayilo ka olandira mbewu. Mzere wachitatu unkati nambala ya foni iliyonse iwerengedwe kamodzi basi.

"Mayi, foni munalembetsa ndi ya ndani?"

"Ya abambo akunyumba. Ine foni ndiitenga kuti?"

Apa ndiye panali nkhani. Banja lililonse linalembetsa foni imodzi, makina n'kusunga mwamuna, mkazi n'kumutaya, ngakhale aliyense ali ndi munda wake.

Bambo Yosefe, mkulu wa ofesiyo, anali ataima kumbuyo kwa Tomasi. "Usakhudze kanthu, Tomasi. Mndandanda umenewo a ku Lilongwe anauvomereza kale."

"A ku Lilongwewo anafikako ku Ntchisi, bwana? Kwawoko munthu mmodzi mafoni atatu."

"Ukasintha, ntchito yako yathera pomwepa."

"Ntchito? Ine ndinagonapo pa depoti ya basi ku Lusaka sabata yathunthu, m'mawa n'kumakakonzera azungu makina. Mayi, sunthirani kuno muone."

Lidia anawerama. Tomasi anafufuta mawu a foni aja, n'kulembapo kuti aziwerenga nambala ya chiphaso cha unzika. Pulogalamu sanaigwire n'komwe. Inangowerenga funso latsopanolo ngati mwana womvera. Pulinta inayamba kulavula mapepala, osaleka. Mayina atsopano mazana awiri ndi khumi ndi limodzi, a m'makalabu onse, anatulukira, pafupifupi onse a amayi.

"Matumba sakwana!" anakuwa a Yosefe.

"Sankakwana ndi kale," anatero Lidia. "Mumangotibisa. Tiyeza ndi ndowa, aliyense apeze."

Anatenga mapepalawo akadali otentha n'kutuluka nawo. Panja amayi anaunjikana, wina akuwerenga mokweza, ndipo dzina lililonse linkalandiridwa ndi nthungululu.

A Yosefe anatambasula dzanja. "Makiyi a ofesi."

Tomasi anawaponya patebulo, n'kuvala jekete lake mosapupuluma.

"Mukafuna kubwezera funso lakalelo, bwana, n'zosavuta, mzere wachitatu. Koma mukawauze nokha amayiwo."

A Yosefe anasuzumira pawindo. Thumba loyamba linali litamasulidwa kale. Sanakhale pampando wa pa kompyuta kuti abwezere funso lija.

Tomasi anatuluka, n'kukwera pa lole kukathandiza kutsitsa mbewu.